Matailosi Akuda ndi Oyera

"Musaponde pamenepo, a Mlembi! Simenti sinaume!"

A Mlembi a mpingo anaima mwendo uli m'malere, kenako anaponda pomwe analetsedwapo. Nsapato inasiya chidindo pa mzere wonyowa. A Levulo, amene anali atagwada pakati pa tchalitchi siponji ili m'manja, anangoyang'ana chidindocho. Dzina limeneli anthu anawapatsa chifukwa sankasiyana ndi levulo yawo yoyezera pansi, ndipo anzawo ankawaseka kuti ngakhale bedi amayamba aliyeza asanagone. Masabata atatu anali atatha akukwawa m'tchalitchimo, kuyala matailosi mwaulere, chifukwa Loweruka la sabata yotsatira mwana wawo woyamba ankamanga ukwati pa matailosi omwewo. Mwanayo anali namwino, ndipo aliyense ankangomuitana kuti Nesi.

"Tadzukani muone izi," anatero a Mlembi, akuwalozetsa foni kumaso.

Pa fonipo panali kanema. Munthu wina wa mawu aukali ankalankhula mothamanga, kumbuyo kukulira nyimbo yochititsa mantha. Pankaoneka chipinda chachikulu cha mipando yosema, ndipo pansi pake panali tailosi yakuda, yoyera, yakuda, yoyera, mpaka kukhoma.

"Mwaona?"

"Ndaona. Amene anayalayo anakhotetsa mzere wachitatu."

"Sindikunena za mizere ine! Yang'anani pafonipa, muyang'anenso pansi apa. Ichi ndi chizindikiro cha anthu achinsinsi aja, a ku holo yopanda mawindo. Mwatibweretsera Satana m'nyumba ya Mulungu, n'kumuyala bwinobwino kuti tizimugwadira."

A Levulo anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala za m'mawa. Nkhani ya matailosiwo panalibe amene sankaidziwa. Mpingo sunakwanitse kugula atsopano. Oyera anapereka ndi mwini butchala ina imene inatsekedwa, akuda anali otsala pomanga hotela. Oyera okha sakanakwana, akuda okha sakanakwana.

"Mabokosiwo munalandira ndinu, a Mlembi, kalata yothokoza munalemba ndinu. Ndikanatani? Ndiyale theka loyera, theka lakuda, akhristu azimenyanirana pokhala?"

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anayankha a Mlembi. "Funso langa ndi limodzi. Mu holo ija munalowamo kapena simunalowemo?"

"Ndinalowamo. Zaka zitatu zapitazo. Matailosi awo anatukuka ndi chinyezi, anandiitana kukakonza."

"Basi, mwanena nokha. Mawa madzulo mukaonekere kwa akulu a mpingo."

Potuluka a Mlembi anapondanso pa simenti ija.

Holo imene ankanenayo inali kuseri kwa positi ofesi, nyumba yakale ya njerwa zofiira. Mawindo inali nawo ndithu, ang'onoang'ono, pamwamba pafupi ndi denga, koma ndani anali ndi mtima woima n'kukweza maso? Kamodzi pamwezi kunkabwera azibambo a masuti akuda, aliyense ndi kachikwama kake, n'kudzitsekera m'kati. Zimene ankachita palibe ankadziwa, ndiye poti palibe ankadziwa, aliyense ankadziwa zonse. Akuti amamwa magazi. Akuti pansi pake pali njoka yosanza ndalama. Amayi ogulitsa nthochi akafika pamenepo ankawoloka msewu. Ngakhale zidakwa sizinkakodzera khoma limenelo, moti linali khoma lokhalo losanunkha m'dera lonselo.

Akulu a mpingo anakumana m'kachipinda ka Sande sukulu. Anali asanu ndi awiri, atakhala pa timabenchi ta ana, maondo akufika pachifuwa. Abusa anakhala pakati, munthu wofatsa, wa mawu otsika, amene ankaopa mkangano kuposa tchimo.

"M'bale wathu, tiuzeni zimene munaona mu holo muja," anayamba Abusa.

"Mipando. Denga lodontha. Ketulo yopanda chivundikiro. Pa tebulo panali Baibulo lalikulu."

"Baibulo!" anakuwa mkulu wina wogulitsa matayala. "Mwamva? Amaliwerenga atalizondotsa amenewo."

"Linali lotseka, sindinaone."

"Nanga njoka?"

"Ndinaona buluzi kubafa."

Mmodzi anaseka, koma a Mlembi atamuyang'ana anasandutsa kusekako chifuwa.

"Musadabwe, akuluakulu," anatero a Mlembi. "Anawalumbiritsa. Munthu wolumbira sanena. Galu wamkota sakandira pachabe, ine zimenezi ndazifufuza miyezi yambiri."

"Mwazifufuza kuti? Pa foni?"

"Paliponse."

A Levulo anaimirira, benchi n'kugwa kumbuyo kwawo. Mtima unali utawapsa tsopano.

"Ndikati sindinaone kanthu, mukuti ndinalumbira. Ndikati ndinaona njoka, muti ndine wa komweko. Ndiye ndiuzeni yankho limene mukufuna, ndinene, ndizipita kwathu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili mu mpingo uno. Guwa lija ndinamanga ndine. Chimbudzi cha kunyumba kwanu, a Mlembi, ndinayala ndine, ndipo sindinamvepo kuti munakumanamo ndi Satana."

"Khalani pansi, m'bale," anachonderera Abusa. "Palibe akukudani. Koma mpingo wagwedezeka. Kanema uja wafika pa foni ya aliyense. Amayi a kwaya akana kulowa m'tchalitchi, dzulo aphunzirira nyimbo pansi pa mtengo."

Anawatulutsa panja kwa theka la ola, n'kuwaitananso. Chigamulo anawerenga a Mlembi. Lamulungu, pamaso pa mpingo wonse, a Levulo awerenge mawu olapa amene akulu adzawalembere, ndipo ayambe kuphwanya matailosiwo ndi manja awo. Akakana, dzina lawo lichotsedwa mu mpingo, ndipo ukwati wa mwana wawo sudalitsidwa m'tchalitchimo.

"Mwana wanga walakwa chiyani?"

"Sanalakwe," anatero Abusa, maso ali pansi. "N'chifukwa chake tikukupemphani kuti mumuganizire."

Kunyumba anapeza nkhani itafika kale. Akazi awo, amake Nesi, anali pa tebulo akusita, koma simbi inali itakhala malo amodzi mpaka nsalu kuyamba kununkha. Pa chitseko cha kuchipinda panapachikidwa diresi la ukwati, lokutidwa ndi nsalu ya pabedi kuopa fumbi. Pakhoma panali chithunzi cha Mzime, mwana wawo wamwamuna, atavala yunifomu ya sekondale. Mzime anamwalira zaka zitatu zapitazo ndi matenda oumitsa khosi, ndipo m'nyumbamo dzina lake linkatchulidwabe motsitsa mawu.

"Phwanyani," anatero amake Nesi, a Levulo asanavule n'komwe nsapato.

"Simunamve n'komwe mbali yanga."

"Ndaimva kumsika, ndaimva pa mpope, ndaimva kwa wogulitsa makala. Phwanyani, bambo a Nesi. Ndi miyala chabe."

"Miyala chabe? Ndi maondo anga a masabata atatu amenewo!"

"Maondo anu ndi ukwati wa mwana, chachikulu n'chiti? Makadi tinagawa. Alongo anga agula kale matikiti a basi. Mukufuna ndikawauze kuti ukwati walephereka chifukwa amuna anga amakonda simenti kuposa mwana wawo?"

"Ndiye ndivomere bodza?"

"Kodi mukhala woyamba? Anthu amalapa m'tchalitchi muja zinthu zimene sanachite, ena amabisa zimene anachita, Mulungu amasankhula yekha. Nenani kuti munalakwitsa mtundu wa matailosi, mupepese, zithe."

"Inuyo mukukhulupirira kuti ndine wa ku holo?"

Amake Nesi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu? Suti muli nayo imodzi, yofiirira, yothina m'khwapa. Angakulandireni ndani?"

Nesi anafika akukangana choncho, ali mu yunifomu yake yoyera, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anakhala pa mpando n'kuvula kachipewa. Bwenzi lake linali mphunzitsi wa masamu, mnyamata waulemu amene a Levulo ankamutchula kuti Ticha. Mayi ake a Ticha ndiwo ankatsogolera amayi a mpingo.

"Waimba foni," anatero Nesi. "Akuti mayi ake sakudya. Akuti bambo angochita zimene auzidwa."

"Akutero ndi iyeyo kapena mayi ake?"

"Pa foni sizimveka bwino kuti akulankhula ndani, bambo."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ine sindikuuzani chochita. Ukwatiwu ndikuufuna, sindinama. Ndaudikira zaka zinayi. Koma amene akaime kutsogolo kuja ndinu."

Mawu amenewo anawalasa a Levulo kuposa kukalipa konse kwa akazi awo.

Loweruka m'mawa anapita kwa munthu amene anawapatsa ntchito ya ku holo ija, dokotala wa mano wopuma pa ntchito. Anam'peza pakhonde akudula zikhadabo za kumapazi, magalasi ali kumapeto kwa mphuno. Nayu munthu amene amayi a nthochi ankati amauluka, akulephera kufikira chala chake chaching'ono!

"Ndabwera kudzakupemphani chinthu chimodzi, adokotala. Mawa mubwere ku tchalitchi kwathu, mudzawauze kuti ine sindine wa gulu lanu."

Mkuluyo anamvetsera nkhani yonse, n'kupukusa mutu.

"Amisiri, ndikabwera ine ndiye ndakumalizani. Adzati taonani, abale ake abwera kudzamuteteza."

"Ndiye tsegulani zitseko za holo yanuyo, anthu aone ketulo ija ndi maso awo!"

"Tinatsegulapo chaka china. Tinalengeza, tinagula ndi mabisiketi omwe. Kunabwera anthu awiri, mtolankhani ndi wamisala. Wamisala ndiye anafunsa mafunso anzeru."

"Nanga mumabisa chiyani kwenikweni?"

"Timawu tochepa, kapatsidwe ka moni, miyambo yakale imene tinalonjezana kusunga. Timathandiza amasiye ndi ana a sukulu. Kupemphera aliyense amapemphera kwawo. Ine Lamulungu ndimaimba besi ku tchalitchi kwathu, ngakhale kuti pa benchi langa sipakhala wina. Ndinazolowera."

"Inu munazolowera chifukwa muli ndi mpanda ndi geti," anatero a Levulo, akuimirira. "Akuluakulu a imvi kumasewera chibisalirano, opsa n'kukhala ife ongodutsa. Ine ndinangobwera kudzakukonzerani pansi."

"Ndipo munakonza bwino. Mpaka lero sipanatukuke."

"Zikomo kwambiri. Ndikawauza zimenezo, mwina andikhululukira."

Anabwerera kunyumba atakwiyira onse, a ku holo ndi a ku tchalitchi omwe. Masana onse anakhala kuseri kwa nyumba okha. Dzuwa litapendeka analowa m'nyumba, n'kutulutsa hamala yaikulu ndi tchizulo, n'kuziika m'chikwama cha zida.

"Ndikaphwanya," anauza akazi awo. "Ndikapepesanso. Koma mudziwe kuti ndikuchitira mwana, osati a Mlembi."

Amake Nesi anatenga suti yofiirira ija n'kuyamba kuisita mosamala.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza ngati kuli kugawa chimanga. Kunabwera anthu amene anasiya kupemphera kalekale, ena a mipingo ina, ena ataima m'mawindo. M'kanjira ka pakati wina anali atayala makatoni kuti anthu asaponde matailosi. Pomwe makatoni anathera, anthu ankadumpha matailosi akuda n'kumaponda oyera okha, azimayi akuluakulu atakweza masiketi, akudumpha ngati ana. A Levulo anaona zimenezi ndipo sanadziwe kuti aseke kapena alire.

Ulaliki utatha, a Mlembi anawaitana kutsogolo. Anapita ndi chikwama chawo, akuponda akuda ndi oyera omwe. A Mlembi anawapatsa pepala lotaipa.

A Levulo anayamba kuliwerenga chamumtima. Mzere woyamba unkati anayanjana ndi gulu la mdima. Mzere wachiwiri unkati anabweretsa chizindikiro cha gululo m'nyumba ya Mulungu mwadala. Atafika pa mzere wachitatu, anatsitsa pepalalo. Analipinda pakati, n'kulipindanso.

"Mokweza, m'bale," anatero a Mlembi. "Mpingo ukudikira."

"Ili sindiwerenga."

"Ngati maso akuvuta, ndili ndi lina. Ndiziwerenga ine, inu muzibwereza."

"A Mlembi, ndikukupemphani. Akazi anga ali muno."

Koma munthu akagwira maiki, khamu likumuyang'ana, makutu amatsekeka. A Mlembi anawerenga mzere woyamba, anthu anang'ung'udza. Anawerenga wachiwiri, wina anakuwa kuti, "Ambuye tichitireni chifundo!" Kenako anatsitsa mawu n'kuwerenga wachitatu pang'onopang'ono.

"Ndikuvomera kuti chaka chimene ndinalowa mu holo ija, ndinapereka mwana wanga wamwamuna ngati nsembe, ndipo m'malo mwake ndinalandira galimoto."

Ambiri sanadabwe, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka kwambiri a Levulo. Zinaonekeratu pankhope zawo kuti nkhaniyi akhala akuinong'ona zaka zitatu, anthu omwewo amene anabwera kudzalira nawo maliro.

"Mwati chiyani?"

Anali amake Nesi. Anali ataimirira pakati pa amayi anzawo, chikwama chitagwa pansi.

"Mayi, khalani pansi, nthawi ya amayi..."

"Ndati mwati chiyani? Bwerezani!"

Anatuluka pa benchi, akukankha maondo a anzawo, n'kulowa m'kanjira. Katoni ina inawakola phazi, anaiponyera kumbali ndi nsapato. Anafika kutsogolo n'kulanda pepala m'manja mwa a Mlembi.

"Mwana ameneyo ndinabereka ndine. Masiku atatu ku chipatala ndinali pambali pake ine, khosi litauma, akulira mutu. Bambo akewa anagona pa simenti panja pa wodi, anapereka magazi awo mpaka anamwino kuwakaniza. Munali kuti inu? Lero mukuti anamugulitsa? Pa galimoto iti? Chiphapha chija choyenda mochita kukankha? Satana wanuyo ndi wosauka chotani?"

Kumbuyo wina anaseka, koma kuseka kwake kunafera m'kamwa, chifukwa amake Nesi anali akulira tsopano, misozi ikutsikira pa bulauzi.

"Ndine ndinawakakamiza amuna anga kuti abwere adzapepese. Ndimayesa mukufuna matailosi. Kani mukufuna mwana wanga? Munamuika m'manda kamodzi, sizinakukwanireni?"

Anang'amba pepalalo n'kuliwaza pamapazi pa a Mlembi.

A Levulo anatembenukira kwa Abusa, amene anali atakhala kuseri kwa guwa, Baibulo lili pamaondo.

"Abusa, inu munabwera ku chipatala. Munagwira dzanja la mwanayo, munapemphera, dokotala anafotokoza matenda ake inu mukumva. Auzeni anthuwa. Mawu amodzi okha."

Abusa anatsegula pakamwa. Anayang'ana a Mlembi, anayang'ana mabenchi odzaza, anayang'ana amayi a kwaya.

"Pepalalo sindinaliwerenge lonse," anatero motsitsa. "Koma akulu anagamula, m'bale. Mwina tingochotsa mzere umenewo, muwerenge iwiri inayo, mtendere ubwerere."

"Muuchotsa pa pepala. M'mitu mwa anthuwa auchotsa ndani? Ndikavomera woyamba ndi wachiwiri, wachitatu amaliza okha pa mpope."

Anatsegula chikwama, n'kutulutsa hamala. A kutsogolo anabwerera m'mbuyo. A Levulo anaikweza kuti onse aione.

"Ndinabwera nayo kuti ndiphwanye, Mulungu ndi mboni. Tsopano sindiphwanya ngakhale kona imodzi. Sindine wa ku holo, sindinakhalepo, ndipo anthu a kumeneko sanandilakwire monga mwandilakwira inu lero. Mwana wanga anafa ndi matenda. Matailosi awa ndi a ku butchala ndi ku hotela. Ngati muli Satana muno, sanalowe m'mabokosi. Fufutani dzina langa, a Mlembi, cholembera muli nacho m'thumba."

Anabweza hamala m'chikwama n'kutseka zipi.

"Mukudziwa zimene zitsatire," anatero a Mlembi. "Loweruka kulibe ukwati muno."

A Levulo anali akudziwa. Mpaka nthawi imeneyo anali asanayang'ane kumene kunakhala Nesi, chifukwa ankaopa nkhope yake kuposa khamu lonselo. Atayang'ana, anapeza ataimirira kale. Sankayang'ana iwo. Ankayang'ana tsidya lina la kanjira, kumene Ticha anakhala pafupi ndi mayi ake.

"Tiye," anatero Nesi.

Ticha anasuntha ngati akufuna kudzuka. Mayi ake anagwira m'mphepete mwa jekete lake, osamuyang'ana n'komwe.

"Tadikira kaye," anatero mnyamatayo, thukuta lili pamphumi. "Mitima ikhale pansi. Tikambirana madzulo."

"Mzime unkamuphunzitsa masamu iwe. Wamva zimene amunenera?"

"Ndamva, koma si pano pokambira zimenezi."

Nesi anagwedeza mutu. Anapita kutsogolo, anatenga chikwama cha zida m'manja mwa bambo ake, dzanja linalo n'kugwira mayi ake. Atatuwo anayenda kanjira konse mpaka kukhomo, osafulumira. Anthu ankapinda miyendo kuti zovala zisakhudzane.

Panja dzuwa linali litakwera. Galimoto inakana kulira monga mwa masiku onse. A Levulo anakhala pa chiwongolero, mayi ndi mwana n'kukankha, ali mu zovala za ku tchalitchi, anthu a m'mawindo akuonerera. Itatsokomola n'kulira, anakwera onse kutsogolo, mothithikana. A Levulo sanachotse phazi pa buleki. Maso awo anali pa khomo la tchalitchi.

"Mwanawe, ndakuwonongera," anatero a Levulo. "Undikhululukire."

"Mukanawerenga pepala lija ndi pomwe sindikanakukhululukirani."

"Tidikire pang'ono. Mwina atuluka. Ndi mwana wabwino, wangochita mantha."

M'kati munamveka kugunda. Wina anali atapeza chitsulo, ndipo ankamenya pakati pa tailosi, mopanda luso. Kunamveka kachiwiri, kenako kwaya inayamba nyimbo. Pakhomo sipanatuluke munthu.

Nesi anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Mtima unkamuwawa kwambiri, ndipo sanabise.

"Kuchokera kutsogolo mpaka kukhomo ndayenda pang'onopang'ono dala, bambo. Nthawi yodzuka anali nayo. Yendetsani."

A Levulo anachotsa phazi pa buleki.